Akuti malichero anga ndi ndege ya afiti

Aphungu,

Ndine mtsikana wa giredi 11 kuno ku Chowa. Kusukulu kwathu kuli mpikisano wopanga mapiko a makina opangira magetsi ndi mphepo, ndipo wopambana apita ku Lusaka. Anzanga akudula mapaipi. Ine ndinaona kuti malichero akale a amayi ndi opepuka, ndiye ndinawadula pakati, n'kuwamangirira ku dainamo ya njinga, n'kuzikhazika padenga.

Zinatheka, Aphungu. Magetsi atathima madzulo, kababu kanga kanayaka, ine n'kuvina ndekha pabwalo. M'mawa mwake Mai Mwaka, oyandikana nafe, anasuzumira pampanda n'kufunsa bambo kuti, "Ba Philimon, ndeke yanu mwaipakinga pa mutenge? Manje ili na malaiti?" Ndinali nditaiwaliratu zoti anthu amati afiti amauluka pa lichero.

Bambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo nkhaniyi yafika kale kwa abusa. Andiuza kuti, "Uvishoke ivi vintu pakalibe kufika Sondo." Akufuna ndizitenthe Lamlungu lisanafike, pomwe mpikisano uli Lolemba. Sindifuna kuwachititsa manyazi, koma ndikaganiza zotentha mapiko anga misozi imalengeza. Nditani?

C.P., Kabwe

Mwanawe,

Usatenthe kanthu. Ukatentha, Mai Mwaka auza Chowa yonse kuti wabisa umboni, ndipo Lusaka udzangoimva m'kamwa mwa anzako.

Yamba ndi bambo ako. Iwo sakuopa lichero, akuopa pakamwa pa anthu. Tsitsa makinawo, uwayale pamkeka, uwapatse dainamo aipukuse okha mpaka babu liyake. Munthu amene wapanga magetsi ndi dzanja lake savuta kukambirana naye.

Kenako uwapemphe aphunzitsi ako a sayansi apite nanu kwa abusa Loweruka. Mukapemphe kuti Lamlungu, mapemphero akatha, muimike makinawo pabwalo la tchalitchi, dzuwa likuswa mtengo. Mai Mwaka uwaitane mwaulemu, akhale kutsogolo, babu agwire iwowo. Likayaka ali nalo m'manja, ayambe afotokoza okha kuti mfiti ndani. Ukawanong'onezenso kuti tsiku lina makinawa adzatchaja foni. Masiku a mdima ano sindinaonepo munthu wofunsa kumene magetsi achokera foni yake ikamathima.

Pa za mpikisanowo, lichero lili ndi timipata totaya mphepo. Ulimate ndi pulasitiki, kenako ulipake penti. Lizungulira mwachangu, ndiponso lisiya kuoneka ngati galimoto ya usiku.

Koma tamvera chenjezo ili. Mphepo ya ku Kabwe siseka ndi munthu. Mapikowo uwamange ndi mabawuti, osati timawaya totola m'njira. Lichero limodzi likangothothoka n'kukatera pakhomo pa Mai Mwaka, usandilemberenso, chifukwa pamenepo ngakhale ine ndidzakhala mboni yawo.

Aphungu