Nyimbo ya Sikelo ya Thonje

Kwa Makhuwira,
Ogasiti 1978

Okondedwa asuweni a Sebastiano,

Kodi ku Beira inki inatha? Miyezi yonseyi muli zii, ngati ndinakudyerani mbuzi. Ife kuno tilipo, kungoti udzudzu sufunsa digiri ya munthu.

Gulu lathu la gule wa utse lija lakula. Mwezi watha tinavina pamsika wa thonje, ndipo ndinapeka kanyimbo ka sikelo imene imayamba yadya isanayeze thumba la mlimi. Amayi anaseka mpaka kugwetsa madengu. Koma mawu anga mukuwadziwa, achule a mu Shire amandiposa, choncho ndinapempha mng'ono wanu Ignasio kuti ayambitse ndiye. Kwathu kuno nyimbo ndi ya woyambitsa, wopeka safunsidwa. Zaka zinayi ku koleji ku Zomba, ine osakumbukira zimenezo!

M'mawa mwake kunabwera anyamata a chipani a malaya ofiira kudzatenga Ignasio, ati akulu akufuna kukaimva bwino nyimboyo kuboma. Galimoto yawo inadutsa pasukulu pathu. Ignasio anandiyang'ana ali m'galimotomo. Mwana wamwano, osapereka ndi moni womwe! Sanabwerebe.

Mayi anu amanditumizira mlamba wouma sabata iliyonse, akuti ndine wophunzira, ndikawalankhulire mwana. Mitengo ya thonje m'munda mwa Ignasio ndikuzula ndine.

Kalatayi ndapatsira munthu wa pasitima. Mukawerenga, yatsirani fodya. Amene anapeka nyimbo ija kuno palibe wafunsa, ndipo ine ndikuphunzitsabe.

Ndine msuweni wanu,
Paison