Anthu okhala m'nyumba muno ndi angati?

Lolemba, 3 Febuluwale

Paipi yaphulika pamwamba pa chipinda cha aphunzitsi, aneba anga. Siling'i yonse pansi. Matilesi, mabuku, TV, zonse chonyowa. Tinathandiza kukokolola madzi mpaka ndinachedwa kukatsegula kometera. Makasitomala atatu anabwerera ndi ndevu zawo.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Alandilodi abwera ndi anthu awo a inshuwaransi. Siling'i akonza, khoma apenta, basi. Aphunzitsi atafunsa za matilesi, yankho: "Ine ndinakubwerekani makoma, za m'katimo n'zanu." Munthu wamkulu kuima pakhonde, buku lofufuma m'manja. Ndinamva chisoni.

Paipi yomweyo imadutsanso kwathu. Pansi pake penipeni pali mashini osokera a akazi anga. Ndawakokera pakona. Miyezi inayi tsopano chipitireni iwo kwa akulu awo. Chinawathamangitsa ndi pakamwa pangapa.

Loweruka, 8 Febuluwale

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndakatenga fomu ya inshuwaransi ya anthu ochita lendi. Pamwezi ndi mitu isanu yometa, si zoti munthu n'kulira. Akuti ndilembe katundu yense.

Wanga: bedi, wailesi, mipando iwiri, jekete.

Wawo: mashini, ayironi, nsalu za makasitomala m'sutikesi, nsapato zofiira, mapoto, makatani, galasi. Tsamba ladzaza. Kani ndimakhala m'nyumba ya eni. Ndawasowa.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Fomu yabwezedwa. Pa funso loti okhala m'nyumba ndi angati ndinalemba awiri. Mayi wa ku ofesi uja anafunsa siginecha ya wachiwiriyo, ine kuyamba kukanda m'mutu. Anati: "Bambo, mukanama apa, tsiku la tsoka sitikupatsani olo kobiri. Katundu wa munthu amene anasamuka sitimuwerengera." Wandipatsa ina yatsopano. Ibwerere pofika pa 21.

Ndikalemba mmodzi ndiye kuti ndavomera kuti anapita. Dzanja likukana.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Siling'i yathu yayamba kuda pakona, kadontho ngati chala. Foni ndaigwira kanayi, kanayi konse ndaibweza m'thumba. Mutu umodzi susenza denga amatero, koma nkhani iyi ndingauze ndani kometera? Angandiseke mpaka chaka chamawa.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndawaimbira akazi anga. Ndinayambira kutali, za paipi, za aphunzitsi, za lisiti la mashini. Anandidula: "Abambo, mwaimbira lisiti?" Ndinati ayi. Ndinapepesa. Kenako ndinawawerengera funso lija mmene lalembedwera.

Kumbuyo kwawo kumamveka madzi akuthiridwa m'ndowa.

"Ikufunika liti?" Ndinati mkuja.

"Musalembe kaye."