Miyala ya Bisiketi

Rosebank, Joni
Lamlungu masana

Okondedwa achimwene a Chikondwero,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuti bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mutu sindikudziwa. Ndasankha pepala chifukwa pa foni mukanandidula ndi kuseka ndisanafike pakati.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito kwa Mayi Sumaya, kulera mwana wawo Imran, ndipo ndimagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo. Ntchito ikatha, ndiye kuti ndi pogona pomwe patha. Muzikumbukira zimenezi mukamawerenga.

Moyang'anana nafe mumakhala mzungu wina, Mayi Venter, amene ali ndi agalu awiri. Wamng'ono thupi ndi nkhalamba, savuta. Wamkulu thupi dzina lake ndi Bisiketi. Inu galu wanu munamutcha Adzaona kuti a Nachisale, oyandikana nanu aja, azimva akamadutsa. Kuno galu amangomupatsa dzina la chomwera tiyi, osanena munthu aliyense. Msewu wathu ndi wotseka, kumapeto kuli mlonda, ndiye m'mawa mayiwo amangotsegula geti, agalu n'kumayendayenda opanda chingwe.

Tsiku lina tikupita kusukulu ya mkaka, Bisiketi anamugwetsa Imran n'kumunyambita kumaso. Sanamulume. Koma abwana anga ndi Asilamu, kwa iwo malovu a galu ndi odetsa, ndipo mwana anabwerera kunyumba akulira. Mayi Sumaya anati safuna kukangana ndi anzawo oyandikana nawo, ine ndingoonetsetsa kuti galu asamuyandikirenso mwana.

Ndinafufuza lamulo la mzinda n'kuliwerenga lonse. Likunena poyera kuti galu akakhala pamsewu akhale pa chingwe. Ndinapita kwa Mayi Venter n'kuwafotokozera mwaulemu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, namwetulira, nati shemu, mawu amene amanena kuno pomvera chisoni, Bisiketi ndi mwana chabe, amangofuna anzake. Kenako anandifunsa ngati ndimwe tiyi. Ndinabwerako osadziwa ngati andikana kapena andilandira.

Mawa lake agalu anatulukanso. Ndiye ndinachita zimene munandiphunzitsa ndili wamng'ono, zimene mwana aliyense ku Ntcheu amadziwa. Ndinawerama ngati ndikutola mwala.

Achimwene, galu sanathawe. Anakhala pansi n'kumandiyang'ana, mchira ukusesa msewu.

Ndinaganiza kuti mwina waona kuti m'manja mulibe kanthu. Ndinatola mwala weniweni n'kuuponya pambali pake, osati pa iye. Anauthamangira, nauluma, nadzauika pa phazi langa. Ndinauponya patali. Anaubweretsanso. Ndinatero mpaka mkono kuwawa, ndikuyembekezera kuti nthawi ina amvetsa. Amene sankamvetsa ndinali ine. Galu wa kuno sanagendedwepo. Munthu akawerama, iye amadziwa kuti masewera ayamba.

Patapita masiku ochepa ndinayamba kupeza mwala pakhomo la khitchini m'mawa uliwonse. Mwala umodzi, wonyowa, pa chopondera pomwe timavulira nsapato. Omega, mtsikana wa ku Thyolo amene amagwira ntchito nyumba yachitatu, anati ine ndimawerenga mabuku ngati loya koma ndine mwana, pali wina akufuna ntchito yanga ndipo miyala imeneyo si yachabe. Anati akudziwa sing'anga ku Mayfair amene angandithandize. Ndinamuuza kuti mwala sungadziyendere, tipeze kaye wouyendetsa. Koma ndisakunamizeni, ndinayamba kuidumpha osaiponda.

Amuna awo a Mayi Sumaya ndiwo anayang'ana kamera ya pageti. Inaonetsa Bisiketi akulowa iwo akamatulutsa galimoto popita ku mzikiti m'mamawa, mwala uli kukamwa, kuuika pakhomo, n'kutuluka geti lisanatsekeke.

Sabata yomweyo wina anaika kanema wanga pa gulu la WhatsApp la msewu wathu, ndikuponya miyala. Apa ndi pamene mutu wanga unaima. Ena analemba kuti wantchito wa nyumba nambala yakuti akugenda agalu, aitanitse oona za nkhanza kwa ziweto. Madzulo ake Mayi Venter anagogoda pageti atanyamula mpira wa tenesi, nati andithokoze, palibe amene anamusangalatsapo Bisiketi chonchi, koma miyala imawononga mano, ndizigwiritsa ntchito mpirawu. Ananena zimenezi Mayi Sumaya ali chiimire pambali panga.

Atachoka, abwana anandifunsa modekha ngati ndine ndinamuzoloweza galu pakhomo pawo. Ndinati ndinkamuthamangitsa. Anati kanema akuonetsa zina. Ndinauonanso kanemayo ndipo sindikanawatsutsa. Anati akapezanso mwala pakhomo, mwezi ukatha ndifune kwina.

Taonani. Anthu amsewu ankati ndimadana ndi agalu. Mwini agalu ankandithokoza kuti ndimawakonda. Abwana ankafuna kundichotsa chifukwa cha chikondi chomwecho. Onsewa anaona kanema mmodzi.

Ndinawerenganso, tsopano za khalidwe la agalu. Onse olemba ankagwirizana kuti galu ukafuna akusiye, usamuyang'ane, usamulankhule, usatole chimene wabweretsa. Ndinatero. Ndinkadutsa ngati ndine mtengo, iye akulira pambuyo panga. Miyala inasiya, ine ndinapuma.

Ndiye Lachinayi ndinapeza mwala pakhomo. Ndinauchotsa msanga abwana asanadzuke. Masana ake ndikuyanika zovala ndinamva Imran akuseka kutsogolo. Nditasuzumira ndinamuona akuwerama ngati mmene ndimawerama ine, dzanja limodzi pa bondo, n'kuponya kamwala kunja kudzera m'mipata ya geti. Bisiketi anali kunjako akudikira. Mwana amene ankabisala m'siketi yanga akangomva kuuwa.

Ndinalingalira. Ndikakhala chete, mwala udzapezeka tsiku lina ndipo ndidzapita. Ndikanena, ndiye kuti ndine ndinamuphunzitsa mwana, ndipo ndidzapitabe. Omega anati ndisayerekeze, ku Joni chilungamo sichilipira lendi. Koma poti njira zonse zinkathera pamodzi, ndinasankha yonena zoona. Ndinawauza Mayi Sumaya kuti ayang'ane kamera ya masana, ndipo ndinawaonetsa lamulo lija pa foni yanga.

Anaonera kanemayo kawiri. Kenako anavala mpango wawo, natenga foni yanga m'manja mwanga, n'kuwoloka msewu. Zimene anakambirana ndi Mayi Venter sindinazimve. Anakhalako nthawi, ndipo pobwera anali ndi mbale ya makeke. Anandibwezera foni, nati Lolemba ndimudzutse Imran msanga, kuli katemera. Lolemba ndi mawa, ndipo mawa ndi mwezi watsopano. Ndikuganiza kuti ndiye kuti ndikukhala. Sananene, inenso sindinafunse.

Kuyambira Lachisanu agalu akudutsa pa chingwe, monga lamulo likunenera. Ndi zimene ndinkafuna. Bisiketi akafika pageti lathu amaima n'kukoka, mayiwo n'kumukokanso. Imran amalira kuti akufuna galu wake. Ndipo ine, achimwene, m'mawa ndikatsegula chitseko cha khitchini maso amayamba apita pa chopondera. Mwala wa Lachinayi uja sindinautaye. Uli pa zenera langa, ndipo ndafufuza chifukwa chake osachipeza.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi, inu amene mwakhala ndi agalu moyo wanu wonse. Adzaona akabwera pafupi, mukawerame, koma mumuponyere chitsononkho patali, osati pa iye. Mundilembere zimene achite. Ndikufuna kudziwa ngati agalu athu anabadwa othawa kapena tinawaphunzitsa ndife.

Amayi musawauze za ntchito, angadandaule pachabe. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu, kwa mwana wanu Takondwa ndi ang'ono ake, ngakhalenso kwa a Nachisale. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Anastazia