Mafunso Anu Akumafika mu Foni Yanga, Amayi

Amayi okondedwa,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kodi muli bwanji masiku ano? Nanga bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula chifukwa chokhalira makina osokera tsiku lonse. Chipinda changa chikudonthabe pakona ya kukhomo. Eni nyumba akuti abwera ndi mmisiri, koma nyimbo imeneyi anayamba kuyimba chaka chatha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene tonse tili ndi mafoni. Muwerenge nokha, pang'onopang'ono. Musapatse mng'ono wanga kuti akuwerengereni, ngakhale maso akuvuteni.

Kuntchito kunachitika zondipsetsa mtima. Mnzanga amene timasoka moyandikana, timamutcha Singano chifukwa cha kuonda kwake, anakhala pa kompyuta ya mu ofesi nthawi yopuma n'kufufuza ngati munthu angayambe shopu yakeyake ndi makina amodzi. Basi! Sanabe kasitomala, sanasiye ntchito, ankangoganiza. Abwana ataziona anamuyitana pamaso pa tonse n'kunena kuti mtima wake uli kale panja. Anamuchotsa pa madiresi a ukwati n'kumuika pa zigamba ndi mazipi. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawafunsa ngati anatilemba ntchito manja okha kapena ndi mutu womwe. Mpaka lero moni wanga amayankha ndi mphuno.

Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama m'basi monse. Koma nditangotsegula foni, manyazi anandigwira, chifukwa zimene ndinadzudzulira abwana ndi zimene ine ndakhala ndikukuchitani kwa miyezi isanu.

Foni ija ndinakutumizirani inali yanga yakale, ndipo ndinaiwala kuchotsamo akaunti yanga. Ndiye chilichonse chimene mumalemba pofufuza chimaonekanso mu foni yanga kuno. Poyamba ndinkangoseka. Mankhwala a nkhuku zotsokomola, zaka za woyimba uja mumati simumukonda, mpaka kasokedwe ka kolala, pamene mwana wanu ndi telala! Ndinkati ndikuuzani mawa, koma mawa lakelo silinafike.

Kenako ndinaona mafunso ena. Munafunsa ngati ndi tchimo mkazi kumva mtima kupepuka mwamuna wake atamwalira. Tsiku lina munafunsa ngati munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi angabwerere kusukulu. Munafunsanso ngati Mulungu amakwiyira munthu amene wayamba kukayika. Amayi, ndinakhala pabedi n'kulira. Si kuti munandikhumudwitsa, ayi. Bambo ndinkawadziwa, ndinakulira m'nyumba yomweyo. Ndinalira chifukwa mafunsowo simunafunse ine, koma ndinawamva ngati munthu womvetsera kuseri kwa chitseko.

Sindinauze munthu, ngakhale achimwene. Mukuwadziwa mmene alili. Akanaitanitsa msonkhano wa banja, amalume akanabwera ndi abusa, ndipo inu mukanayamba kuyankha mlandu pa zinthu zimene simunamalize n'komwe kuziganiza. Ine ndimakhulupirira kuti munthu ali ndi ufulu woganiza chinthu, kuchitembenuza uku ndi uku, mwinanso kuchitaya, popanda womusuzumira. Inu mwakhala zaka zambiri mukuyeza mawu musanawatulutse. Mwina foniyo ndi malo oyamba amene mwafunsa chilichonse mopanda mantha, ndipo ine ndinalowamo osaodira. Ndikhululukireni.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa wokonza mafoni uja ali pafupi ndi chigayo. Mumuuze afufute zonse, achotse akaunti yanga n'kukutsegulirani yanuyanu. Nambala yachinsinsi musankhe nokha, ndipo musandiuze ngakhale ndikuchondereni motani. Musasankhe chaka chimene ndinabadwa, ndidzangoilota. Ndayesa kudziletsa kuyang'ana, koma chala chimapita chokha, ndiye ndi bwino mutseke chitsekocho inuyo.

Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti mukawerenga izi muchita manyazi, foniyo muyiika pansi pa zovala m'sutikesi, mafunsowo n'kuwameza. Mukatero ndiye kuti ndakulandani chinthu chimene ndilibe njira yobwezera. Mundikwiyire mmene mungafunire, mundikalipire, koma musasiye kufunsa.

Kunena zoona, zindiwawa. M'mawa uliwonse ndikamadikira basi ndinkatsegula foni, ndikaona funso latsopano ndinkadziwa kuti amayi anga adzuka, ali moyo, mutu ukugwira ntchito. Kutali kuno zimenezo zinkandifunditsa mtima. Tsopano ndiziimba foni n'kufunsa, monga amachitira ana a anthu ena, ndipo inu muzindiuza zokhazo zimene mwafuna kundiuza. Zotsalazo ndi zanu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa mng'ono wanga, kwa amalume, ndi kwa azakhali. Akafunsa zimene ndalemba, muwauze kuti ndimadandaula za denga.

Tsiku limene mafunso anu adzasiye kufika kuno, ndidzadziwa kuti kalatayi mwailandira. Koma ngati mwandikhululukira, chimenecho ndidikira kumva kuchokera pakamwa panu.

Ndine mwana wanu,
Wamakani uja