Mkaka wa Tisa

Lachinai, Petauke. Tsiku lowawa.

Andiuze munthu: mkaka wa m'chitini unaphapo liti mwana ali m'mimba?

Tisa, mng'ono wanga, anapempha yekha kuti ndimujambule ngati zija amaona pa foni, mai wapakati atagona m'bafa la mkaka, maluwa akuyandama. Mkaka wa ng'ombe wodzaza bafa sitikanakwanitsa. Ndinagula waufa chitini chimodzi, bafa ndinabweleka ku Nyimba, maluwa ndinati ndikathyola pampanda wa tchalitchi. Tinapangana Loweluka likubwelali.

Mailo, Lachitatu, Tisa anapita padela. Wabwelako kuchipatala manja okha.

Lelo apongozi ake anandipeza ndikutsuka bafa kuti ndikabweze.

"Iwe wa makamela, mimba saionetsa. Mwaitana maso a anthu."

"Amai, sindinajambule n'kamodzi komwe!"

Ndinakuwa, monga mwa pakamwa panga. Tisa anamva ali m'nyumba. Nditalowa anandigwila dzanja, nati, "Akulu, mwina n'zoona. Ndine ndinafuna."

Icho ndiye chandithyola. Chitini chikali pawindo, chosatsegula.

Ine andinene mpaka atope. Koma kukacha amai aja alowe kwa Tisa, akamuuze pamaso pake kuti sanalakwe.