Kachasu wa linthumbu

Wokondedwa mwana wanga Rozita,

Landira moni wochokera kuno ku Mualadzi. Ine ndi mai ako tili bwino, bondo lokha ndilo likundivuta. Kaya iwe ku Maputoko?

Linthumbu unapempha lija ndagwira, kuti makina a kusukulu kwanuko awerenge malemba a chibadwa amene ukuti ali m'thupi mwake. Unati ndiliike mu alukolo, sipiliti wa kuchipatala uja, kuti lisaole, koma anamwino ku Chifunde anati alibe wopatsa nyerere. Ndiye ndinagula kachasu, mutu weniweni woyaka ukayandikiza moto, n'kulimiza momwemo. Botololo libwera ndi amalume ako.

Potuluka kwa mai wotcheza kachasuyo ndinakumana ndi abusa athu a Ziyoni.

"A Phiri, nanga botolo ili?"

Ndinati, "Ndi la nyerere, abusa."

Anaseka mpaka kutsika panjinga. Tsopano andilanda mkanjo, ati sindiuvalanso mpaka ndilape pamaso pa mpingo.

Ine sindigwada, chibatizidwire sindinalawepo ngakhale dontho. Nditumizire msanga kalata yodinda karimbo, chidindo cha kusukulu kwanuko, yonena kuti unandituma ndiwe. Abusawo adzaiwerenge okha mokweza m'tchalitchi, popeza odziwa kuwerenga bwino ndi iwo.

Mulungu akusunge, mwanawe.

Ndine bambo wako,
Zakeyu Phiri