Achule afa m'chitsime chanu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno sikuli bwino. M'mawa uno ndapeza achule atatu atafa m'chitsime chanu cha kudimba, mimba zili m'mwamba, pamadzi pakunyezimira mafuta. Ndinangokhala pansi pomwepo.

Inu munkati chitsime chopanda chule usamwepo, chule ndiye amalawa madzi tisanalawe ife. Tinkakusekani. Lero sindikuseka.

Nkhani yayambira kwa mwana wanga Lameki, mdzukulu wanu uja munamusiya akukwawa. Pano ndi bambo wandevu. Anakwatira aNabanda a ku Kapelula, ndipo ali ndi pakati, mwezi wamawa tikuyembekeza mlendo. Fodya Lameki anamukana, akuti wandithyola msana ine bambo wake popanda chooneka. Sindinamutsutse. Anakaphunzira ku Chamama kudinda malemba pamalaya. Amayala malaya, kuikapo kansalu kangati sefa, kukoka inki pamwamba, malemba n'kutuluka. M'chigafa chija munkasokeramo fodya, theka ndi langa, theka mwadzaza malaya a makwaya ndi a mpira.

Inki zake zilipo ziwiri, Amayi, ndipo zonse ndikuziopa. Yoyamba ndi yamadzi. Ilibe fungo, koma imauma msanga pasefapo, ndiye kutsuka kosatha, ndowa ndi ndowa, pamene chitsime chatsika ndi dzuwa lino, nazale yanga ya fodya ikudikira madzi omwewo. Pomwe amataya zotsukazo nthaka inafiira, ngakhale bonongwe sameranso. Kenako kwaya ya ku Lukwa inabweza malaya, akuti malemba asuluka.

Ndiye anasinthira ku inayo, yomata ngati phula, akuti yapulasitiki. Imeneyo sisuluka, madzinso siyifuna. Ine ndinakondwa, ndinati chitsime chapuma. Sindinadziwe kuti yochotsera yake ndi parafini ndi thina, mankhwala osungunulira penti aja. Akamaiwotcha ndi ayironi kuti igwire, utsi wake umawatsokomoletsa aNabanda mpaka kugwira khoma.

Koma ndisamunamizire mwana. Dzulo beseni lake linang'ambika, anatsukira zinthu zake mu ndowa yotungira ija yachingwe, n'kuisiya pakhomo la chigafa zotsukazo zitatsalira m'kati mwake. Amene anainyamula ndine. Amene anaiponya m'chitsime, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuthirira nazale, ndine. Mphuno zangazi zinafa kalekale ndi fumbi la fodya, sindinamve kanthu. Inu mukanamva muli kumsewu. Paja munkanunkhiza ndowa iliyonse, n'kumatikalipira tikasungunulira mankhwala a nazale pafupi ndi chitsime.

Ndiye, Amayi, nditachoka ine, aNabanda anapita kukatunga. Anamwa. Akuti anamva kukoma kwachilendo koma anachita manyazi kunena, poti apongozi awo anali atangotungapo. Manyazi amenewa adzatipha.

Ine sindingawafunse aNabanda, apongozi anga, za m'mimba, mukudziwa. Ndatuma amake Lameki. Abwera n'kuti mwana akusuntha, koma pang'ono, osati ngati masiku onse. Pang'ono n'chiyani, Amayi? Inu munabereka asanu ndi atatu, mukanandiuza. Lameki wawakweza aNabanda panjinga, apita kuchipatala. Mpaka pano sanabwere. Njinga iliyonse ikalira kumsewu ndikuimirira.

Asananyamuke ndinamuuza kuti inki yapulasitikiyo ichoke pakhomo pano. Koma akabwerera ku yamadzi ija, madziwo awatenga kuti? Akasiya zonse, abwerera ku fodya, amene wandisandutsa nkhalamba yosamva fungo. Mutu wanga wa Sitandade 5 zimenezi zaukulira.

Zina n'zabwinoko. Chimanga chifika Januwale, mbuzi yoyera yaswa awiri, ndipo manda anu tinalambula.

Chitsime ndachitseka ndi minga. Mawa ndichikapa mpaka pansi, ndekha, ngakhale msana ulire. Madzi tizikatunga kumjigo wa kusukulu. Nazale ikauma, iume. Ndikukulonjezani, Amayi, palibe adzamwe pamenepo mpaka chule adzaliremo yekha. Ngati kumeneko mumatha kupempha, mupemphere kamwanako kakhale kuno. Musakalandire inu.

Amake Lameki akundiitana, akuti mbatata zapsa. Ndipite ndikadye, koma ndikayamba ndafunsa madzi ophikirawo atunga kuti.

Ndimakukondanibe, Amayi.

Ine mwana wanu,
Yobe